Kuwerenga solubility curve: madzi akhuta kapena ayi?

Mwafunsa kuti mwasungunula magalamu 50 a potassium nitrate m'magalamu 100 a madzi otentha madigiri 40, ndiye mudziwa bwanji pa solubility curve, galafu yosonyeza magalamu omwe madzi angasungunule pa kutentha kulikonse, ngati madziwo akhuta.

Pezani 40 pa mzere wapansi wosonyeza kutentha, mukwere molunjika mpaka mugunde mzere wokhota wa potassium nitrate, kenako mupite kumanzere kukawerenga magalamu. Mupeza pafupifupi 64. Amenewo ndiye malire a zomwe madzi amenewa angasungunule pa madigiri 40. Anu ndi 50, choncho kadontho kanu, pomwe madigiri 40 akumana ndi magalamu 50, kali pansi pa mzere: ndi unsaturated, kutanthauza kuti madziwo sanakhute, ndipo mpata wa magalamu 14 ukadalipo. Kakanagwera pa mzere penipeni, bwenzi tikunena kuti ndi saturated, kutanthauza kuti madziwo akhuta.

Ambiri amasokonezeka ndi pamwamba pa mzere. Akangoona kadontho pamenepo amathamangira kulemba supersaturated (madzi omwe asungunula zopitirira malire), pomwe nthawi zambiri sizili choncho. Mukathira magalamu 80 pa madigiri 40, 64 okha ndi omwe asungunuke, 16 enawo adikha pansi pa beaker, ndipo madziwo ndi saturated basi. Supersaturated imachitika zonse zikasungunuka madzi ali otentha kwambiri, kenako n'kuzizira pang'onopang'ono osagwedezedwa, popanda chodikha. Siikhalitsa. Kungoponyamo ka crystal kamodzi kapena kukanda galasi, zopitirira malirezo zimatuluka ngati ma crystal.

Tsopano ziziritsani madzi anu aja afike madigiri 20. Malire atsika kufika pafupifupi magalamu 32, ndiye 50 kuchotsa 32, ma crystal olemera magalamu 18 atuluka.

Samalani ndi kuchuluka kwa madzi, chifukwa malikisi ambiri amathera apa. Galafu imawerengera magalamu 100 a madzi okha, osati madzi ophatikiza ndi zosungunukazo. Funso likati magalamu 40 m'magalamu 50 a madzi, chulukitsani zonse kawiri musanayang'ane galafu: akhala 80 pa 100, zomwe zapitirira malire a pa madigiri 40.

Musaganizenso kuti mizere yonse imakwera chonchi. Wa sodium chloride umangoyenda chogona, pafupifupi magalamu 36 pa madigiri 20 ndi 39 pa madigiri 100, n'chifukwa chake kuziziritsa sikutulutsa mchere wochuluka. Pamafunika kuphwetsa madzi. Wa cerium sulfate ndi ya mipweya ngati carbon dioxide imatsika madzi akamatentha, choncho tsimikizirani dzina lolembedwa pa mzere musanawerenge nambala.