Malata a ku Beira afiira, malata a mayi anga ku Santhe anauluka

Achimwene ena a ku Mkanda, ku Mchinji, amene panopa akugwira ntchito ku Beira, m'mbali mwa nyanja yamchere ku Mozambique, anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti malata a nyumba yawo sanathe n'komwe zaka 4 koma afiira kale ndi dzimbiri, pamene malata a bambo awo kumudzi apitirira zaka 20 akadali bwinobwino. Akufunsa kuti apente kapena agule ena.

Achimwene, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire kwathu, chifukwa kalata yanuyi yandikanda pachilonda. Ine denga la nyumba ya mayi anga ndinaliona likuuluka ndi maso angawa.

Malata amenewo anagula ndi malemu bambo anga, chaka china fodya atayenda bwino kumsika wa ku Chinkhoma. Anabwera nawo pa ngolo, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, ife ana tikuthamanga pambuyo kuchokera kumsewu mpaka kufika pakhomo. Amene anakulira ku Kasungu kuno akudziwa tanthauzo la tsiku ngati limenelo. Nyumba ya malata inali umboni woti munthu sanavutike chabe ku nazale, kumunda ndi m'chigafa. Azimayi a pamudzi anabwera kudzagwira malatawo ndi manja, mayi anga akululutira.

Zimene sitinadziwe tsiku limenelo n'zakuti kusitolo anawapatsa malata opyapyala zedi. Bambo anafunsa za mtengo basi, wogulitsayo n'kuwauza kuti malata ndi malata. Za geji, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata, sanatchule. Mmisiri amene anakhoma anali wachangu, masiku awiri ntchito yatha. Mitengo inali ya bulugamu wa m'munda mwathu, wodula sabata yomweyo, akadali wauwisi. Misomali inali wamba, yopanda chipewa, ndipo ina anaikhoma m'mizere yotsika momwe mumayenda madzi. Choipa kuposa zonse, denga lonselo anangolisanjika pamwamba pa khoma la njerwa zomangira dothi, osalimangirira ndi waya ngakhale pamalo amodzi.

Linayamba ndi kudontha. Dzinja lililonse mayi ankaika beseni pakati pa balaza, poto kuchipinda, ndowa pafupi ndi matumba a chimanga. Tinazolowera. Ndikanena kuti tinazolowera mtima umandiwawa, chifukwa ine ndinali nditayamba kale ntchito kutauni, ndalama yogulira misomali ndi waya ndinali nayo, koma pa ulendo uliwonse ndinkapita ndi shuga, sopo ndi chitenje, osakwerapo padenga ngakhale kamodzi. Bulugamu uja atauma anang'aluka, misomali n'kuyamba kusomphoka yokha. Chiswe chinakwera m'khoma n'kulowa m'mitengo. Kunja zonse zinkaoneka bwino.

Tsikulo linali la mu Disembala, chakumadzulo, chimanga chili m'mawondo. Kunatentha kuyambira m'mawa, kenaka kunachita mdima mbali imodzi, mphepo n'kutsogola mvula isanafike. Ndinali pakhonde. Ndinamva lata limodzi likuwomba pakona, kachiwiri, kachitatu, kenaka mbali yonse ya denga inanyamuka pamodzi ndi mitengo yake n'kukagwera kuseri kwa khola. Mvula inatsatira nthawi yomweyo. Feteleza wobereketsa amene mayi anali atangogula ananyowa yense. Mabulangete, ufa, mabuku a nyimbo a kutchalitchi, zithunzi za bambo. Mayi sanalire. Anaima pakhomo la khitchini atafunda chitenje, akuyang'ana nyumba imene amuna awo anawasiyira, n'kungonena kuti, "Mwana wanga, bola palibe amene wavulala."

Anagona m'khitchini imeneyo masabata atatu. Ndipo apa ndi pamene mutu wanga unaima: khitchini ya udzu ija sinasunthe. Mphepo yomweyo, pabwalo lomwelo. Tsindwi lake anamanga ndi malume anga, phaso lililonse analimanga ndi luzi, ndipo chaka chilichonse, mvula ya chizimalupsa isanagwe, ankabwera kudzaona pomwe udzu wachepa n'kuwonjezera.

Makolo athu ankadziwa kuti denga limafuna kuliyendera chaka ndi chaka. Amayi ankamweta udzu m'chilimwe, abambo n'kufolera, ndipo munthu amene wafika Novembala asanafolere ankachita manyazi pamudzi. Malata atabwera tinataya mwambo umenewu. Tinaganiza kuti ukakhoma malata ndiye kuti nkhani ya denga yatha mpaka imfa. Ine ndikukana zimenezi, ndipo ndikukana mwamphamvu. Madenga ambiri amene amasasuka kuno sasasuka chifukwa mphepo yachuluka kuposa kale ayi. Amasasuka chifukwa anamangidwa mosasamala, ndipo palibe amene anakwerapo kuchokera tsiku limene mmisiri anatsika. Kwerani minibasi pa msewu wa M1 kuchokera ku Kasungu kulowera ku Lilongwe, muwerenge nyumba zimene zili ndi miyala, njerwa ndi matayala akutha pamwamba. Mwala uliwonse ukunena kuti mwini nyumba akudziwa kuti denga lake silinagwire. Ndipo mwalawo umasunga chinyezi pansi pake, dzimbiri n'kuyambira pomwepo. Tsiku limene mphepo idzapambane, mwalawo udzagwera pamene pagona mwana.

Sindikunyoza munthu wosauka, chonde mundimvetse. Lata ndi lodula, ndipo woika mwala padenga akuchita zimene angathe. Amene ndimakwiya nawo ndi ogulitsa amene amaona mlimi wabwera ndi ndalama ya chaka chonse, osamuuza kuti nambala ya geji ikakwera lata limapyapyala, kuti geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32. Anthu ambiri amaganiza kuti nambala yaikulu ndiye lata lolimba. Bambo anga ankaganiza choncho. Ndimakwiyanso ndi amisiri amene amadziwa bwino lomwe kuti denga limafunika kulimangirira kukhoma ndi waya wolowa mizere ingapo ya njerwa kupita pansi, koma amangokhala chete chifukwa akuthamangira ntchito ina. Dzinja lililonse timamva pa wailesi za sukulu ndi matchalitchi zosasuka madenga, anthu n'kumati ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi. Zina ndi ngozi ndithu. Koma zambiri zinayamba tsiku lokhoma.

Palinso nkhani ya mitengo. Pamene ndinali mwana, kuseri kwa nyumba yathu kunali misuku ndi mitengo ina yachilengedwe imene inkatchinga mphepo. Inatha ndi zigafa, nkhuni ndi kuotcha njerwa. Lero mphepo ikachoka kudambo imafika pakhoma la nyumba popanda choiletsa. Komabe mtengo woyandikira kwambiri nawonso ndi vuto, makamaka mango, chifukwa masamba ake amadzaza m'mizere ya malata n'kuolera momwemo.

Inu muli ku Beira, ndiye za mphepo simufunika kuuzidwa ndi munthu wa ku Kasungu. Namondwe wa Idai anaomba mzinda umenewo mu Malichi 2019 ndipo madenga osawerengeka anapita. Freddy, amene anatiliza ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, anatulukira chakufupi ndi Quelimane, m'mbali mwa nyanja yomweyo. Choncho musanaganize za penti, lowani m'nyumba, muyang'ane m'mwamba, muone ngati denga lanulo lagwirana ndi khoma.

Tsono za dzimbiri lanulo

Malata a bambo anu ku Mkanda akhalitsa chifukwa Mchinji ili kumtunda, kutali ndi nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumakhala kouma. Lata limanyowa m'dzinja n'kuuma miyezi yambiri. Ku Beira mphepo yochokera kunyanja imanyamula mchere n'kuuwaza padenga, ndipo mcherewo umakoka chinyezi, moti lata limakhala lonyowa ngakhale mvula isanagwe. Lata wamba ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Mchere umadya zinkiyo msanga, ikatha chitsulo chimatsala pamtetete. Malo amene amayamba kuonongeka ndi omwe mvula siwafika kuti itsuke: kunsi kwa malata a pakhonde, pamene malata awiri asanjikizana, ndi mozungulira misomali. N'chifukwa chake eni nyumba a m'mbali mwa nyanja amalangizidwa kutsuka malo amenewa ndi madzi abwino kangapo pachaka. Kwathu kuno munthu atakuonani mukutsuka denga akhoza kudabwa, koma kumeneko ndi ntchito yofunika.

Kwerani m'mawa lata lisanatenthe, komanso litauma mame, ndipo muziponda pamzere wa misomali pomwe pansi pali thabwa. Tengani burashi ya waya mukwechese pamene pafiira. Ngati dzimbiri likuchoka, pansi n'kuoneka chitsulo cholimba, latalo likadali ndi moyo: tsukani mchere wonse, liume, pakani penti yoyamba yoletsa dzimbiri, kenaka penti ya denga kawiri. Kupenta pamwamba pa mchere ndi dzimbiri n'kutaya ndalama, imasupuka chaka chisanathe. Koma ngati masana mukuona kuwala kwa dzuwa kukulowa m'timabowo, kapena lata likubonyoka mukalisindikiza ndi chala, lichotseni. Phula lingakuthandizeni dzinja limodzi basi.

Pogula atsopano funsani a aluzinc, okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, kapena opentedwa kale kufakitale, ndipo geji isapyole 28. Awa amapirira mchere kuposa malata wamba, ngakhale kuti nawonso sagwirizana ndi simenti yaiwisi kapena waya wa kopa, choncho zisakhudzane. Misomali kapena masikuluwu akhale osachita dzimbiri msanga, okhala ndi kamphira, ndipo akhomedwe pamsana pa mzere, osati m'chigwa. Mmisiri asadule lata ndi girayinda, chifukwa imaotcha zokutira zija ndipo tizidutswa take timasiya madontho a dzimbiri. Adule ndi sizasi ya malata, akatha asese. M'mphepete ndi m'makona achulukitse misomali, poti mphepo imayambira pamenepo.

Nyumba ya mayi tinaikhomanso chaka chomwecho. Malata ena tinawawongola n'kufolera khola la mbuzi, ena tinagula a geji 28, matabwa a paini ouma bwino tinawapaka oyilo wakutha wa galimoto chifukwa cha chiswe. Waya ndinamanga ndekha, malume atandigwirira makwerero. Kuyambira pamenepo mwezi wa Okutobala ndimapita ku Santhe ndi hamala ndi thumba la misomali, ndipo mayi amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumandilozera pamene anamva kuwomba usiku. Achimwene, mukabwera ku Mkanda pa Khirisimasi, mukakwerenso pa denga la bambo anulo. Lata likhoza kukhala lowala pamwamba, koma mukaone matabwa ake kunsi, mukawabaye ndi msomali, mumve ngati chiswe sichinadutsemo.