Zotsatira za BP zikhale za wantchito, osati za bwana

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuti kampani iziyeza BP antchito ake, kenako amene apezeka kuti magazi awo amathamanga kwambiri osawawonjezera kontirakiti. Ine kuyezako ndikugwirizana nako, koma kumuchotsa munthu chifukwa cha zomwe zapezekazo ndiye ayi, n'kulakwa kwakukulu.

Taganizirani mlonda amene amachezera pageti maola 12 usiku uliwonse. Akafika kunyumba m'mawa amangogona pang'ono, n'kudzukanso kukagwira ganyu kuti lendi ikwane. Patapita zaka, BP yakwera. Kodi tinganene kuti ntchitoyo ilibe mbali pa matendawa? Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi loona za ntchito la ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 anamwalira ndi matenda a mtima komanso sitiroko chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Kwa munthu wotere chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Ndiye kampani imene imamugwiritsa maola amenewa ikamutaya atadwala, ikuthawa mlandu wakewake.

Ena amanena kuti vuto ndi fodya ndi kadyedwe. Zimenezo zilipo ndithu, koma si zokhazo. Kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pakati pa amuna ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza kuti amesenjala ndi olondera pakhomo ankafa ndi matenda a mtima kuposa katatu poyerekeza ndi mabwana apamwamba. Atawerengera za fodya, BP ndi mafuta a m'magazi, kusiyana kwakukulu kunatsalabe. Pambuyo pake katswiri wa zaumoyo Michael Marmot ndi anzake anaonetsa kuti kugwira ntchito yomwe ulibe chonena pa kayendedwe kake nakonso kumapweteka mtima.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, ndipo munthu akamamwa mankhwala tsiku lililonse amagwira ntchito bwinobwino. Koma akadziwa kuti kuyezedwa kungamuchotsetse ntchito, amazemba namwino, amabisa, mpaka tsiku lina kudzagwa ali pantchito pomwepo.

Namwino azimuuza munthu zotsatira ali awiri, pepalalo lizipita m'thumba mwa mwiniwake, osati ku ofesi yolemba anthu ntchito. Wopezeka ndi vuto apatsidwe tsiku lopita kuchipatala popanda kumudula malipiro, ndipo amuchepetsere mashifiti ausiku. Woyendetsa basi kapena makina onyamula katundu wolemera, inde, pamenepo pali miyoyo ya ena. Akhoza kupatsidwa kaye ntchito ina mpaka BP itatsika.

Musanapereke mkono kuti akuyezeni, afunseni akulembereni papepala kuti zotsatirazo aziona ndani komanso azichita nazo chiyani. Ngati muli ndi bungwe la antchito, funsolo lidutse kumeneko kuti musaonekere nokha.