Chifukwa chake malasha amasungunuka msanga kenako n'kuima

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti akafuna kusandutsa malasha kukhala mafuta powatenthetsa ndi tetralin (mankhwala amadzimadzi osungunulira) mu autoclave (chotengera chachitsulo chotsekeka zolimba) pa 425°C, gawo lalikulu limasungunuka m'mphindi zochepa, kenako liwiro limazilala, nthawi zina zotsalira zosasungunuka n'kuchulukanso. Akufunsa chifukwa chake equation imodzi ya first order (yonena kuti liwiro limayendera kuchuluka kwa zimene zatsala) sikugwirizana ndi manambala ake.

Choyamba yang'anani wotchi yanu. Autoclave yaikulu imachedwa kutentha, pamene zomangira zofooka zolumikiza maatomu m'malasha zimayamba kuduka kutentha kukangopitirira 350°C. Mukamalemba kuti "mphindi 0", ntchito yambiri yachitika kale. Gwiritsani ntchito kachubu kakang'ono kachitsulo koviikidwa mu mchenga wotentha wowuluzika, kamene kamatentha m'mphindi ziwiri, ndipo nthawi ikakwana kaponyeni m'madzi ozizira.

Koma vuto lenileni ndi haidrojeni. Chomangira chikaduka pamabadwa ma free radical, tizidutswa tosakhazikika. Tikalandira haidrojeni msanga timakhala tating'ono, tosungunuka. Tikasowa, timagwirana tokhatokha n'kupanga char, chotsalira cholimba chonga makala chosasungunukanso. Molekyulu imodzi ya tetralin imapereka maatomu 4 a haidrojeni n'kusanduka naphthalene, basi yatha ntchito. Ndiye yezani kuchuluka kwa naphthalene poyerekeza ndi tetralin yotsala pa nthawi iliyonse. Mukaona tetralin ikutha pomwe zotsatira zikubwerera m'mbuyo, mwachipeza chifukwa. Onjezani tetralin, mwina magawo awiri kapena atatu pa gawo limodzi la malasha, kapena ikani mpweya wa haidrojeni pamodzi ndi catalyst (chofulumizitsa ntchitoyi) yokhala ndi chitsulo monga mwala wa pyrite. N'chifukwa chake kuyambira pa njira ya 1913 ya wasayansi wa ku Germany Friedrich Bergius, ntchito yosandutsa malasha kukhala mafuta imachitika pa pressure yaikulu.

Mawu oti "kusungunuka" nawonso amasocheretsa, chifukwa zotuluka m'malasha zimagawidwa potengera mankhwala amadzimadzi amene zimasungunukamo: THF, toluene kapena hexane. Zosungunuka mu THF koma osati mu toluene ndi ma preasphaltene, ndipo ndi zimene zimatuluka mofulumira. Zosungunuka mu toluene koma osati mu hexane ndi ma asphaltene. Mafuta enieni, osungunuka mu hexane, amabwera pang'onopang'ono pambuyo pake. Kuziphatikiza mu nambala imodzi ndi kubisa maliwiro atatu osiyana.

Werengerani pa malasha ouma opanda phulusa. Musayembekezere 100%, chifukwa inertinite, gawo la malasha losasintha msanga, yambiri simasungunuka. Ikani malire a gawo losungunukalo mu equation yanu, muligawe pawiri, lofulumira ndi lochedwa, lililonse ndi k yake, nambala yoimira liwiro lake. Activation energy, mphamvu yofunika kuti kusinthaku kuyambe, muipeze pokhapokha mutayesa pa kutentha kosiyana katatu, monga 400, 425 ndi 450°C.