Chiwathereni ntchito amuna anga asanduka bubu, kodi ndi ulova kapena pali wina?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, pa banja ndatha zaka 7 ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku bungwe lina la zaumoyo koma inatha kumayambiriro kwa 2025 nthawi ija aku America anaimitsa thandizo ija, anangowapatsa makalata onse tsiku limodzi basi. Ndalama za severance zinatha kalekale, zina tinalipira lendi zina fizi ya ana. Panopa nyumba ikuyendera ine ndi kaunjika amene ndimagulitsa pa Nsungwi.

Zosowa ndalamazo sindikudandaula kwambiri, timadya ndithu olo ndi bonya. Chikundiwawa ndi momwe asinthira. Munthu anali wanthabwala uja pano sayankhula, foni sichoka m'manja mpaka kubafa amapita nayo, ikangolira amathamangira panja. Usiku ndikadzidzimuka ndimawapeza ali maso akuyang'ana kudenga. Kuchipinda nako kunazizira, miyezi itatu tsopano tikungogona ngati munthu ndi mlongo wake. M'mawa amavala bwinobwino kutenga envelopu yawo ya khaki, ine kuwapatsa ya thiransipoti, koma mnzanga wawaona kawiri konse atangokhala pansi pa mtengo ku City Centre osachita kanthu. Ndikafunsa kuti kodi kuja munasiya kalata kuja ayankha, amandikalipira ngati ndawatukwana. Amayi anga nawo akabwera sachedwa kuponya mawu oti mwana wawo akudyetsa bambo wandevu.

Sabata yatha ndinapeza meseji ya Airtel Money mu foni mwawo, anatumiza K200,000 ku nambala ya dzina la mzimayi. Ndalama imeneyo ndinatenga ndine ku banki m'khonde atandiuza kuti akufuna kulipira kosi. Nditawapanikiza anati mzimayiyo ndi wa ku HR pa kampani ina analonjeza kuwalowetsa ntchito, pano nambalayo siikupezekanso. Kenako anangoti bola nditangofa mwina inu mungapumeko, nkukagona. Azakhali ndiwakhulupirire? Kapena ndiitane ankhoswe? Mutu wanga waima.

Mayi wa ku 25


Mwana wanga,

Ndiyambira kumene mwamalizira chifukwa mawu ajawa ndi amene andikhalitsa tsonga. Bola nditangofa. Musawatenge ngati zoyankhula za munthu wokwiya chabe ayi. Apolisi akamatulutsa malipoti a anthu odzipha kuno kwathu, ochuluka kwambiri amakhala abambo, ndipo nkhani za ngongole ndi za m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Munthu wosagona, wosayankhula, wangoberedwa kumene ndalama ya mkazi wake ndipo manyazi amukwana, ameneyo ngofunika kumuyang'ana ndi maso awiri. Lero lomwe ana akagona muwafunse mosazungulira, ndi mawu ofatsa, kuti bambo mawu munanena aja mumatanthauza, mukuganiza zodzichotsa moyo? Ambiri amaopa kuti kufunsa chonchi ndi kumupatsa munthu nzeru yoipa, si zoona, kumamupatsa mpata wotula. Akavomera kapena akangogwetsa nkhope osayankha, musawasiye okha, chotsani m'nyumbamo mankhwala a makoswe ndi a mbewu ngati alimo, ndipo mawa lake mupite nawo kuchipatala. Ku Lilongwe komweko kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi yothandiza anthu ovutika maganizo, ngakhale pa chipatala cha boma mukafotokoza amakulozerani kwa woyenera. Kumeneko sikopita amisala okha monga anthu amanenera.

Tsopano za mkazi winayo. Ine sindine mlosi, amuna ena amathadi kuyenda njira ziwiri ali pa ulova pomwepo, koma zonse mwalembazi ine zikundinunkhira ulova osati chibwenzi. Wachibwenzi amamwetulira foni. Wanuyu akuidikira foni, nzosiyana kutalitali. Munthu amene wamwaza ma CV malo 30 moyo wake wonse umakhala mu kachitsulo kameneko, nambala yachilendo ikaimba mtima umagunda kuti mwina ndi intavyu, amathamangira panja kuti ana asasokose kumbuyo bwana angamve, nkupeza kuti ndi wrong number kapena ndi landilodi. Ndiye tangoganizani zimenezo kangapo pa tsiku kwa chaka chathunthu. Ndipo chimene chimapweteka kwambiri si kukanidwa, bola akukane udziwe. Ndi chete uja. Pansi pa advati amalemba kale kuti only shortlisted candidates will be contacted, kutanthauza kuti ukapanda kusankhidwa palibe adzakuuze, umangodikira mpaka tsiku lina nkumva kuti anthu anayamba kale ntchito mwezi watha, wina wake mphwake wa abwana.

Nde inu mukafunsa kuti ayankha, mukufunsa mwachikondi ndikudziwa, koma m'makutu mwawo zikumveka kuti kodi lero mwalepheranso. Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Malemu amuna anga anachotsedwa ntchito zaka za m'ma 1990 nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa ija, ndipo ine tsiku ndi tsiku akangofika pakhomo, asanavule ndi nsapato zomwe, ndinali nalo funso langa, zayenda bwanji. Tsiku lina anandiyankha kuti mayi, zikadzayenda simudzachita kufunsa, mudzandionera patali ndikubwera. Ndinachita manyazi mpaka lero. Ndinadzamva patapita zaka kuti masiku ambiri ankangokhala pa bawo ku Limbe mpaka dzuwa lipendeke, osati chifukwa chokonda bawo, sankalitha nkomwe, koma kuopa maso a azimayi apamzere pathu amene ankaona bambo ali khale pakhonde 10 koloko m'mawa anzake onse atapita kuntchito. Mtengo wa ku City Centre uja ndi bawo la amuna anu. Maofesi osiyako makalata anatha, ambiri masiku ano amangoti tumizani pa email, koma kukhala pakhomo akuona ngati nkudzivula. Ndiye amavala, nkunyamula envelopu, kuti inu ndi aneba muziona munthu amene akuyesetsa.

Funso limenelo lisiyeni. Mugwirizane tsiku limodzi pa sabata, kaya Lamlungu madzulo, loti mukhale pansi awiri nkukambirana za ntchito ndi ndalama, alemba kuti, kwatuluka chani, sabata ikubwerayi pakufunika zingati. Masiku ena onsewo akhale mwamuna wanu ndi bambo wa ana, osati wofunsira ntchito amene akukaonekera kwa abwana a kunyumba.

Ndalama ija iwerengeni kuti inapita. Akuba amenewa achuluka ndipo amadziwa pogwira, amaika advati yabodza pa WhatsApp kapena Facebook yokhala ndi chizindikiro cha kampani yeniyeni, kenako wina amaimba mwaulemu kwambiri kuti dzina lanu ladutsa koma pakufunika kangachepe ka medical, ka yunifomu, kapena koti tiwaonere abwana. Nambala zake zimakhala zolembetsa ndi ma ID a anthu ena ndiye dzina la mzimayi mwaonalo mwina mwini wake ndi gogo wina kumudzi sakudziwa ndi kanthu komwe. Ntchito yeniyeni salipiritsa pofunsira. Ndipo ikanakhala kuti munthuyo ndi wa HR weniweni, chimenecho ndi chiphuphu, mlandu kwa wolandira ndi wopereka yemwe, za ACB zimenezo. Musafufute meseji ija, pitani nayo limodzi kupolisi ndi ku Airtel akaione nambalayo, kubweza ndalama sindikulonjezani koma mwina mupulumutsa wina. Komanso apa mpamene mudziwire zoona popanda kukangana, munthu woberedwa amavomera kupita kupolisi olo mwamanyazi, amene anatumizira chibwenzi ayamba kuzemba ndi zifukwa.

Koma bodza la kosi lija ndiye ayi, limenelo sindiwaikira kumbuyo. Ngongole ya banki m'khonde ili m'dzina lanu, azimayi akadzabwera kudzanyamula mapoto ndi matiresi adzafika pa inu, ndipo chiwongola dzanja chake sichidikira kuti munthu apeze ntchito. Muwauze kamodzi momveka bwino kuti kuberedwa mwakhululuka chifukwa aliyense atha kupusitsidwa akapanikizika, koma kunamizidwa kwakupwetekani ndipo kusachitikenso. Kamodzi. Osati nyimbo ya tsiku lililonse ndiwo zikachepa. Ndipo chonde asayerekeze kupita kwa akatapila kuti abweze mwakachetechete, amuna amanyazi amachita zimenezo, dzenje limakula.

Anthu amaiwala kuti kufuna ntchito nako kumadya ndalama ngati mwana wa sukulu. Bandulo ya intaneti, fotokope ya masatifiketi, kusindikiza CV, minibasi kupita ndi kubwera, kumeta, polishi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse mwa izi chinakwera, ndiye bambo amene ankakupatsani ndalama ya pakhomo pano akuchita kutambasula dzanja m'mawa uliwonse kupempha ya minibasi kwa mkazi wake, mwina pamaso pa ana. Zimenezi zimamudya munthu pang'onopang'ono ngati chiswe. Pa Lamlungu paja patulani ndalama ya sabata yonse imene geni yanu ingakwanitse osapha mpamba, muwapatse kamodzi kuchipinda, aziyendetsa okha. Ikatha yatha. Mupeza kuti maulendo a pansi pa mtengo achepa okha chifukwa palibenso chifukwa chochitira sewero.

Amayi anu ndi mbali yanu, muwaletse ndinu, osadikira kuti mkamwini ayankhane ndi apongozi. Muwakumbutse mwaulemu kuti zaka zonse zija bamboyu ankalandira, feteleza wakumudzi ankagula ndani. Anthufe sitichedwa kuiwala. Ndipo asamayankhule ngati ulova ndi ulesi, anaona okha mu 2020 a zaumoyo ataitana ma walk-in interview, anthu masauzande anakhamukira malo ochepa mpaka ku Mzuzu ena anavulala popondana pa geti. Anthu aulesi sapondana pa geti. Pano mabungwe atatseka mapulojekiti, ma accountant ngati amuna anuwa ali mbwee m'tauni kulimbirana mpando umodzi ndi ana ongotuluka kumene ku MUBAS amene angavomere theka la malipiro. Akamafunsira ntchito yaing'ono amawauza kuti mapepala achuluka, yaikulu akuti tikufuna digiri yachiwiri, zaka nazo zikupita. Zonsezi amagona nazo kuyang'ana kudenga kuja.

Chimene sindigwirizana nawo amuna ambiri ophunzira ndi kudikira ntchito ya tayi yokhayokha ngati kuti dzanja likagwira china satifiketi ifufutika. Munthu wodziwa mabuku a ndalama ali ndi luso logulitsa, mashopu angati pa Nsungwi pomwepo amene eni ake sadziwa ngati akupindula kapena akudya mpamba, masukulu a pulaiveti angati, ma hardware angati amene amavutika ndi za msonkho wa MRA? Olo atayamba ndi awiri omulipira pang'ono pamwezi, ndi ndalama yake, yogulira buledi ndi dzanja lake. Koma inu musakanene kuti bwanji osangoyamba maganyu, mawu amenewo adzamva ngati mwawatsitsa. Yambani ndi geni yanu yomwe, muwapemphe kuti bambo tandionereni mabuku angawa bale iliyonse ndikupeza zingati, ine masamu akundizungulitsa. Mwina mukudziwa kale zimene mumapeza kkkk koma apatseni poyambira. Ntchito zambiri kuno zimabwera kudzera mwa anthu amene akukuona ukugwira kanthu, osati envelopu.

Za kuchipinda musadandaule nazo kwambiri ndipo musaziwerengere miyezi mokweza. Thupi la mwamuna limamvera mutu, nkhawa ikadzaza zinthu zimakana, ndiye akalephera kamodzi amayamba kuopa kuyesanso kuti angachitenso manyazi kachiwiri m'nyumba imodzi. Asathamangire mankhwala a m'mabotolo ogulitsa mu msewu aja. Tulo tikabwerera zinazo zimatsatira, zikapitirira ndiye akamuuze dokotala yemweyo, awayezenso BP.

Ankhoswe asungeni kaye. Mukaitana bwalo lonse pano, nkhani ya K200,000 ifika kumudzi dzuwa lisanalowe ndipo munthu amene akunena kale za imfa simumuika pakati pa anthu kuti afotokoze momwe anapusira. Sankhani munthu mmodzi amene iwo amamulemekeza ndipo pakamwa pake mpotseka, kaya nkhoswe ya kuchimuna, kaya mkulu wa mpingo, kaya mnzawo amene anachotsedwa naye limodzi, abwere ngati wodzacheza basi azituluka nawo kokaonera mpira. Koma zikadzapezeka kuti kupolisi akukana, nambala ija ikuyankha ndipo mawu ake ndi a munthu amene akuwadziwa bwino, apo ndiye itanani ankhoswe a mbali zonse ndipo mundilemberenso, yankho langa lidzakhala lina.

Inunso mwatopa, ndaona m'kalatamu ngakhale simunanene. Pezani wanu womuuza, ndipo kwa azimayi a banki m'khonde pitani msanga tsiku lobweza lisanakwane mukapemphe kuti muzipereka pang'onopang'ono, amamva bwino munthu akabwera yekha kusiyana ndi kuchita kumutsatira. Koma zonsezi ndi za mawa. Usiku uno ana akagona, funso lija kaye.

Azakhali