Yankho kwa achimwene: filimu yoti muonere ndi amayi Loweruka

Achimwene moni kumeneko, moni kwa alamu ndi ana onse, amayi ngati ali pafupi muwauze kuti kuno tili bwino. Ndaona funso lanu pa gulupu loti ndaonera mafilimu anji masiku ano, komanso iti yoti muike Loweruka muonere limodzi ndi ana poti amayi ali konko ku Johannesburg. Kulemba kunditalikira nde ndingolankhula, mumvere mukapeza mpata chifukwa italikirapo ndithu.

Ikani ya William Kamkwamba ija, mnyamata amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo, The Boy Who Harnessed the Wind. Ndikudziwa mukuti aa imene ija ndi yakale, inatuluka 2019 pa Netflix, eya ndi yakale koma ine ndaibwereza posachedwapa ndipo yandigwira mosiyana ndi poyamba. Poyamba paja tonse tinkangotchera khutu kumva mmene akulankhulira Chichewa, chifukwa amene anaikonza, Chiwetel Ejiofor, yemwenso akusewera ngati bambo ake a William, ndi wa ku Britain makolo ake a ku Nigeria, mnyamata akusewera William uja Maxwell Simba ndi wa ku Kenya, akusewera ngati mayi ake uja Aïssa Maïga ndi wa ku France wobadwira ku Senegal, nde lilime limamveka kuti si lathu, pena mpaka umachita kuwerenga mawu achizungu ali pansi aja kuti umve zimene munthu wanena m'chilankhulo chako chomwe. Zimenezo ndi zoona ndipo amayi adzadandaula, muwauziretu. Akamalankhula Lily Banda, uja akusewera ngati Annie mchemwali wake wa William, khutu limapuma chifukwa ndi wakwathu. Koma ulendo uno ndinangoti lilime ndilisiye ndione nkhani, ndipo nkhaniyo achimwene ndi ya pakhomo pathu.

Anaijambula konkuno ku Kasungu, dera la Wimbe kwawo kwa William, nde dothi lofiira lija, zigafa za fodya, njinga, misika, yunifomu ya sukulu, zonse ndi zenizeni, ngakhale gule wamkulu alimo pa maliro. Kwathu ku Dowa ndi kumeneko n'kufupi, amayi akangoona mizere ya m'munda ija adzazindikira okha. Ndipo nthawi yake ndi njala ya 2001 kulowa 2002. Apa ndi pamene ndikufuna ana anu aone, chifukwa iwo anabadwira kumene ufa umagulidwa m'shopu tsiku lililonse, akamva ife tikuti chaka cha njala amangoona ngati nthano za agogo.

Filimuyi ikuonetsa bwino kuti njala ija sinangogwa tsiku limodzi. Anthu akugulitsa mitengo kwa a esiteti ya fodya chifukwa akufuna ndalama ya lero, mvula ikubwera yambiri madzi n'kusefukira m'minda, kenako ikudula, zokolola zikuchepa, mavenda akukweza mtengo, boma likukana kuti m'dziko muli njala. Pali pamene amfumu akuimirira pa msonkhano wa pulezidenti kunena kuti anthu avutika, n'kuwatsitsa pa nsanja kukawamenya kuseri. Ndipo ife tikudziwa kuti chimanga chosungira dziko chija chinali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo boma linadzavomera kuti kuli tsoka mu February 2002 anthu atayamba kale kufa. Ana akafunsa kuti nanga bwanji sanangopita kukagula, muwafotokozere zimenezo, kuti ndalama olo unali nayo chimanga chake kunalibe, ndipo chikapezeka mtengo unali utakwera kangapo.

Pamene ine ndinalephera kudzigwira ndi pamene banja lija likukhala pansi kugwirizana kuti kuyambira lero tizidya kamodzi patsiku, nde tisankhe kuti kamodziko kakhale nthawi yanji. Inu nthawi imeneyo munali ku sekondale yogonera konko, munkabwera pa holide pokha, koma ine ndinali pakhomo ndipo ndikukumbuka amayi akuyeza ufa ndi kapu yapulasitiki yobiriwira ija, akasefa pamwamba ndi chala kuti usapitirire, wotsalawo n'kumanga m'thumba kukaika kuchipinda kwawo pansi pa bedi, osati kukhitchini. Ufa wake unali wosakaniza ndi gaga, nsima yake yakuda yokhakhala pakhosi, ndiwo nkhwani wopanda tomato wopanda mafuta. Tinkadya madzulo kuti tigone, ndipo amayi ankati ine ndadya kale pophika, ife n'kumakhulupirira. Abambo ankagona kumunda chimanga chitayamba kubereka kuopa akuba, chifukwa anthu ankathyola chisanakhwime n'komwe. Mufilimu muja mulinso pamene anthu akulowa m'nyumba kulanda thumba la chakudya mayi ndi mwana wamkazi ali okha, ndi pamene William akukankhana pa depoti ya chimanga mpaka anthu kuswa chitseko. Sanakokomeze chilichonse pamenepo.

Nde pempho langa, musangoiyatsa mwadzidzidzi. Muwafunse kaye amayi ngati ali okonzeka kuona za chaka chimenecho, chifukwa anataya anthu awo nthawi imeneyo, njala inabwera pamodzi ndi kolera. Akati ayi musawakakamize. Koma akavomera, muike rimoti pafupi muziimitsa akafuna kulankhula, ana amve kuchokera pakamwa pa agogo awo. Wamng'ono uja mumukonzekeretse za galu, William ali ndi galu wake Khamba amene akufa ndi njala, pamenepo mwana aliyense amalira.

Chinanso chimene ndinachiona bwino ulendo uno ndi bambo ake a William aja. Poyamba ndinkawaona ngati ouma mtima, mwana akupempha njinga kuti apangire makina ake iwo akukana, mpaka kumugwetsera kachitsanzo kake n'kumupatsa khasu. Koma taganizani, njinga ndi chinthu chokhacho chatsala pakhomo, mbewu zapita, mwana wamkazi wathawa ndi aphunzitsi, nde kamnyamata kochotsedwa sukulu chifukwa cha fizi kakuti tiidule njingayi ndipange madzi ndi mphepo. Inuyo mukanapereka? Ine pano ndili ndi ana anga ndawamvetsa bambo aja, anali ndi mantha ndi manyazi a munthu amene walephera kudyetsa banja lake. Ndipo amene akuwatembenuza mtima ndi mkazi wawo, modekha, powawerengera zimene wataya chifukwa chowatsatira. Mayi ameneyo kwa ine ndi amene wanyamula filimu yonse.

Kwa anyamata anuwo mbali ya makina idzawasangalatsa. William akuona kuti dayinamo ya pa njinga ya aphunzitsi ikamakhudza tayala nyale imayaka, nde akuganiza kuti ngati mwendo ungazungulitse tayala ndiye kuti mphepo nayo ingathe. Akuzemba kulowa mu laibulale, akupeza buku la Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, Chizungu chake chovuta koma akutsatira zithunzi, zipangizo akukatola kudzala, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki owawamba pamoto n'kuwaphwatalala, batire yakale. Koma muwauze anawo kuti apa filimu yafupikitsa. M'moyo weniweni makina oyamba amene anamanga ali ndi zaka 14 anali oyatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo, zopopa madzi zinabwera patapita zaka, atadziwika kale, atakalankhula ku msonkhano waukulu wa anthu a nzeru zatsopano wotchedwa TED ku Arusha, ku Tanzania, mu 2007 anthu n'kuyamba kumuthandiza. Filimu ikuonetsa ngati makinawo ndi amene anathetsa njala pamudzi, pomwe anthu anapulumuka chifukwa chimanga cha m'munda chinacha. Ine zimenezo zimandikhumudwitsa pang'ono chifukwa nkhani yeniyeniyo ndi yokwana kale payokha. Koma mnyamatayo anabwereradi kusukulu mpaka anamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014, chimenecho muwauze ndithu.

Tsono ina imene ndaonera, iyi ana ayi, muonere inu ndi alamu ana atagona. Ndi ya ku Zambia, On Becoming a Guinea Fowl, ya 2024, anaikonza mayi wina Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka koma anakulira ku Wales, ndipo analandira nayo mphoto pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes, ku France. Ambiri akulankhula Chibemba ndi Chizungu koma maliro ake ndi athu enieni, mipando kutulutsidwa panja, azimayi kugona pansi m'nyumba, azibambo kukhala panja kudikira mbale, atsikana kukhitchini usiku wonse, azakhali kuyang'ana kuti ndani walira ndani sanalire. Ikuyamba mtsikana Shula akuchokera ku pate usiku pa galimoto, n'kupeza mtembo wa amalume ake uli pamsewu, ndipo iye sakulira olo pang'ono. Pang'onopang'ono umadzamva chifukwa chake, kuti malumewo ankagwirira ana achitsikana a m'banja momwemo, iyeyo ndi asuweni ake, ndipo akuluakulu ankadziwa koma anasankha kukhala chete, pano akufuna aikidwe mwaulemu ngati munthu wabwino.

Achimwene filimu imeneyi inandisowetsa tulo. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mmene akuchitira ndi namfedwa, kamtsikana kakang'ono kokhala ndi ana ambirimbiri, amene naye ukawerengera zaka umaona kuti anamutenga ali mwana. Achibale a mwamuna akumuloza chala kuti sunkamusamala m'bale wathu, sunkamuphikira, ndiwe wamupha, ndipo pa nkhani za pambuyo pa maliro maso awo ali pa nyumba ndi katundu. Zimenezi kuno taziona tonse, olo kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa namfedwa ndi ana ndi mlandu, kumudzi zikuchitikabe chifukwa mkazi amaopa kutengera azilamu ake kukhoti. Nkhanga ya pa dzina la filimu ija, guinea fowl, ikubwera chifukwa kutchire ikaona chilombo imalira kuchenjeza nyama zina zonse, nde funso la filimu ndi loti m'banjamo alire ndani. Ena akuti ikuyenda pang'onopang'ono ndipo pena ikusakaniza ndi maloto mpaka umasokonezeka, n'zoona, si ya munthu amene akufuna kupumitsa mutu akaweruka kuntchito. Koma ife tili ndi ana aakazi, timawatumiza kukachezera achibale pa holide osaganiza kawiri, ndikufuna muione kenako tidzakambirane patokha osati pa gulupu. Amayi iyi ndingakonde adzaione tsiku lina ine ndilipo.

Ngati amayi akana ya Kamkwamba, fufuzani Fatsani, ya achinyamata akonkuno, anaikonza Gift Sukez Sukali. Ndi ya kamtsikana kokhala ndi agogo ake kamene kakugulitsa nthochi mumsewu sukulu yawo itatsekedwa. Chichewa chake ndi cha m'tauni chenicheni, palibe kuchita kuwerenga pansi, ndipo ana anu adzamva mmene anzawo amalankhulira kuno. Pena nkhani ikuthamanga, pena ikufuna kunena zambiri nthawi imodzi, koma mwana akusewera Fatsani uja ndi waluso ndipo ndinanyadira kuona misewu yathu itajambulidwa mwaukhondo chonchija.

Zina zimene ndaonera ndi zomenyana zija bambo a kuno amazikonda, magalimoto kuphulika, munthu mmodzi kugwetsa gulu lonse, ukadzuka m'mawa sukumbukanso kuti amalimbirana chani, nde sindikutchulirani n'komwe. Ana a kuno akumakonda zomasuliridwa m'Chichewa zija zogula pa memori kadi kumsika, womasulira uja amangowonjezera zake mpaka nkhani kusintha, amaseka ndithu koma mawu ena amene amatuluka mmenemo si oti mwana azimva, ine ndinaziletsa pakhomo pano.

Ya Kamkwamba ndi pafupifupi maola awiri, nde muyambe msanga mukangodya mgonero chifukwa amayi ikakwana 9 amakhala ayamba kusinza, ndipo mukawerengera zoimitsaimitsa zija itenga nthawi yoposa pamenepo. Muidawunilodiretu masana kuti olo netiweki ivute isadukire pakati. Mawu achizungu apansi aja muwasiye oyatsa chifukwa cha ana. Ndipo alamu ndikupempheni, amayi akayamba kufotokoza za chaka chimenecho mutenge foni muwajambule mawu mwakachetechete koma muwauze kaye, mutitumizire pa gulupu, chifukwa pali zambiri zimene ine ndinali wamng'ono sindinazimvetse, monga kumene anapeza ndalama yogulira thumba lija la mu February ndi kumene zinapita mbuzi zathu. Lamulungu ndiimba madzulo tikachoka ku tchalitchi.