Nyali ya oilo ikamaphethira injini ikatentha

FUNSO: Ndili ndi Peugeot 504 ya 1978 imene anandisiyira malemu bambo anga. M'mawa imayenda bwinobwino, koma ndikaima pamzere wa magalimoto pa Kafue Roundabout mu Lusaka masana, nyali yofiira ya oilo imaphethira, ndipo ndikaponda mafuta imazima. Kodi injini yatha? Wowerenga wa ku Chilenje.

YANKHO: Bambo, musafulumire kumasula injini. Oilo akatentha amapyapyala, choncho mphamvu imene pampu imamukankhira imatsika kwambiri injini ikamalira pang'onopang'ono. Yambani mwaona pa dipstick, kachitsulo koyezera oilo mu injini, ngati oilo ndi wokwanira, ndiponso ngati ndi wolemera ngati 20W-50, amene amayenerera injini zakale, makamaka m'kutentha kwa Okutobala kuno.

Kenako makaniko achotse kaswichi ka nyaliyo, pakuti nthawi zambiri kamanama kakakalamba, n'kumangapo geji yeniyeni yoyezera mphamvu ya oilo. Amakaniko amayembekezera pafupifupi 10 psi (muyeso wa mphamvuyo) pa 1,000 rpm iliyonse (rpm ndi nthawi zimene injini imazungulira pa mphindi imodzi) injini ili yotentha. Geji ikaonetsa zimenezo, gulani kaswichi katsopano basi.

Ikaonetsa zochepa, tsitsani sampu, beseni la oilo la pansi pa injini. M'kati mwake muli kasefa kamene pampu imakokera oilo, ndipo m'galimoto zosinthidwa oilo mwa apo ndi apo timakapeza katamatidwa ndi zinyalala zakuda ngati phula. Onaninso kavalavu kochepetsa mphamvu ya oilo, kangakhale katakakamira kotseguka. Zonsezi zikakhala bwino, ndipo mukumva kugogoda kwapansipansi, maberingi a crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira pansi pa injini, ndiwo adyeka. Pamenepo galimotoyo musaiyendetsenso kufikira atasinthidwa.