Kodi magetsi owonjezera amadya mphamvu yochuluka bwanji m'batire ya galimoto?

Bambo wina wa ku Tsangano, amene amanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika wa mumzinda wa Tete, wanditumizira funso pa imelo. Akuti pa galimoto yawo ya dizilo anaikitsapo magetsi awiri ozungulira a halogen a mawati 100 lililonse, komanso getsi lalitali la LED lolembedwa mawati 120, chifukwa amayenda usiku. Akamapakira matumba kumunda amawayatsa onse injini ili chozima kwa maola pafupifupi awiri, ndipo tsopano kawiri konse galimoto yakana kulira m'mamawa. Akufuna kudziwa kuchuluka kwa mphamvu imene magetsiwa amakoka, ndiponso ngati batire yawo ya 70Ah, imene sinathe ndi chaka chomwe, anagula yabodza.

Bambo, batire yanu musafulumire kuiimba mlandu. Tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti masamu ake ndi osavuta. Kuti mudziwe maampu (muyeso wa mphamvu yoyenda m'waya) amene getsi limakoka, mugawe mawati ake ndi mavoliti a galimoto, omwe ndi 12. Getsi la mawati 100 limakoka maampu opitirira pang'ono 8, choncho awiri aja akukoka pafupifupi 17. La LED, ngati mawati 120 olembedwawo ali oona, likukoka 10. Onse pamodzi ndi maampu 27, pamene magetsi awiri akutsogolo amene galimoto inabwera nawo, a mababu a H4, amakoka pafupifupi 10 okha. Mwaisenzetsa galimoto katundu woposa wa magetsi ake enieni pafupifupi katatu.

Ambiri amasokonezeka ndi nambala ija ya 70Ah, imene imanena kuchuluka kwa mphamvu yosungidwa m'batire (maampu kuchulukitsa ndi maola). Amaganiza kuti ndi ndowa ya malita 70 imene angatungemo mpaka pansi, koma sizili choncho. Nambalayi amaiyeza pokoka mphamvu pang'onopang'ono kwa maola 20, kutanthauza maampu 3.5 okha, ndipo mukamakoka mwamphamvu ngati maampu 27 batire imatopa msanga kuposa mmene masamu akunenera. Chinanso, batire ya galimoto anaipanga kuti ipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako idzazidwenso nthawi yomweyo. Siyenera kutsika kupitirira theka. Ndiye kuti m'manja mwanu muli 35Ah basi, ndipo magetsi anu amatha mphamvu imeneyi mu ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pa maola awiri opakira mbatata mumakhala mwakoka pafupifupi 54Ah. Mmawa wa ku Tsangano m'mwezi wa Juni kapena Julayi, kuzizira kutalimbitsa oilo, sitata ya injini ya dizilo imafuna maampu mazana angapo nthawi imodzi, ndipo batire yotsala ndi kamphamvu kotere imangoti tyee, tyee, n'kukhala chete.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si kukankha galimoto m'mamawa ayi, koma kuti nthawi iliyonse batire ikaphwa chonchi imawonongeka mkati ndipo sibwereranso mwakale. Timapale ta mtovu timene tili m'katimo timachita zokakamira zoyera zimene zimauma batire ikakhalitsa yosadzaza. Ikaphwa kangapo, 70Ah ija imatsala ya dzina chabe. Kutentha kwa mumzinda wa Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumawonjezera vutoli poumitsa madzi a m'batire, choncho ngati yanu ndi yotsegula pamwamba muziona madziwo pafupipafupi ndipo muzithira madzi a batire okha (distilled water), osati a pachitsime kapena a pampopi.

Injini ikamalira nkhani imasintha, chifukwa wopereka mphamvu amakhala alitaneta, kachipangizo kopanga magetsi koyendetsedwa ndi injini, ndipo batire imangolandira. Alitaneta ya galimoto zambiri zonyamula katundu wopepuka imatulutsa maampu apakati pa 70 ndi 100 injini ikamathamanga bwino, kotero mukamatsetsereka kuchokera ku Angónia kulowera ku Moatize maampu 27 owonjezerawo nthawi zambiri si vuto. Koma injini ikamangolira pamalo amodzi, kapena mukamakwawa pamsewu wokumbika m'nyengo ya mvula, alitaneta imatulutsa mwina theka chabe, ndipo chotsalacho chimachokanso m'batire mwakachetechete. Dziwaninso kuti batire imene yaphweratu sidzaza ndi ulendo waufupi. Imafunika kuichaja pa makina kwa maola angapo.

Ndikukupemphani mugule kapena mubwereke multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Galimoto ikagona usiku wonse, batire yodzaza imaonetsa mavoliti 12.6, ndipo ikaonetsa 12.2 ndiye kuti ili patheka. Mukaliza injini iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako yatsani magetsi onse injini ikulira pamalo amodzi. Nambala ikatsika pansi pa 13, alitaneta ikulephera katunduyo.

Za getsi la LED lija, zolembedwa pa katoni musazikhulupirire msanga. Chaka chatha ndinayeza lina la mnzanga lolembedwa mawati 120, ndipo linkakoka maampu 5 ndi pang'ono, kutanthauza mawati osapitirira 70. Izi zimapepukitsa katundu wa batire, ngakhale kuti ndalama munalipira ya mawati amene mulibe. Magetsi a halogen sanama chotero, amakokadi mphamvu yonse yolembedwayo, ndipo yambiri imangosanduka kutentha. Mukayandikitsa dzanja pagalasi lake atayaka mphindi 10 mudzamva nokha kumene mphamvu ya batire yanu ikupita.

Pa galimoto ya mnzangayo ndinaonanso china chimene chinandiopsa. Makaniko anali atalumikiza getsilo ndi kawaya kopyapyala ka sipika, kopanda fuzi, ndipo pulasitiki wake anali atasungunuka n'kumamatira ku chitsulo cha bodi, fungo lopserera likumveka mpaka m'kati. Chonde onani mawaya anu. Magetsi awiri a halogen afunika waya wa 2.5 mm² kapena wonenepa kuposa apo, fuzi ya maampu 25 yoikidwa pafupi ndi batire, ndi relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa) kuti swichi ya m'kati isamanyamule mphamvu yonseyo. La LED lipatseni fuzi yakeyake ya maampu 15. Muuzeni makaniko kuti relay ilandire lamulo kuchokera ku magetsi aakulu akutsogolo, kuti mukawatsitsa pokumana ndi chapa (minibasi) kapena munthu wa panjinga, owonjezerawo azizima okha. Kuwala kotere kumam'phimba maso mnzanu amene akubwera kutsogolo, ndipo m'misewu yathu anthu oyenda pansi ndi ng'ombe zimakhala m'mphepete momwemo.

Pa ntchito yopakira mbatata simufunika kuunika mamita mazana, mufunika kuona matumba ndi chingwe chomangira. Kagetsi ka LED ka mawati 18 koikidwa kumbuyo kwa kabini kamakoka maampu 1.5 okha, ndipo pa maola awiri kamadya 3Ah m'malo mwa 54. Musanakagule batire ina, pitani nayo batire yanuyo ikachajidwe mokwanira ndipo akaiyeze ngati ikusungabe mphamvu, chifukwa ngati yangophwa kawiri kokha n'kutheka kuti ikutumikiranibe nyengo ina yokolola.